Chitupa cha Kuwala

Makolo athu Angoni anawoloka Zambezi dzuwa litafa. Umu ndi mmene ambuya anga ankayambira nkhaniyi kwathu ku Chipata, masiku amenewo kukutchedwa Fort Jameson, ndipo inenso ndiyambira pomwepo, adzukulu anga. Mfumu yawo Zwangendaba anafika ndi anthu ake pamtsinje cha kufupi ndi pamene Luangwa amathira mu Zambezi, kudera la Zumbo ndi Feira. Anali atayenda zaka zambiri kuchokera kum'mwera, kuthawa nkhondo za m'masiku a Shaka. Ambuya ankati anthu ali pakati powoloka, amuna atagwirana manja m'madzi, amayi atabereka ana, usana unasanduka usiku. Ng'ombe zinalira, ena anapita ndi madzi, ndipo Mpezeni, amene ufumu wake timauvinira Nc'wala ku Mtenguleni, anawoloka ali kamwana kakumsana.

Pagulu lonselo panalibe wodziwa kulemba, ndipo kalendala ya azungu sankaidziwa. Komabe lero mwana wa sukulu akhoza kukuuzani chaka chake. Akatswiri a zakuthambo anatenga mawu a nkhalamba akuti dzuwa linafa, nawerengetsa mayendedwe a mwezi chobwerera m'mbuyo, mpaka anapeza kuti kadamsana anadutsa pa Zambezi mu Novembala 1835. Dzuwa linawala masiku onse a ulendo wautaliwo, koma palibe tsiku lowala limene linakumbukika. Linasungika ndi lija kuwala kunasowa. Zonse zimene ndikuuzeni usiku uno zagona pamenepo: pamene kuwala kwaperewera, m'pamene pali uthenga.

Kadamsana wanga ine ndinamuonera pano pa komboni ya Linda ku Lusaka, Lachinayi pa 21 Juni 2001, Frederick Chiluba ali pulezidenti. Ambiri a inu munali musanabadwe. Wailesi inachenjeza kwa milungu ingapo kuti tisayang'ane dzuwa ndi maso okha, ndipo timagalasi tapepala tinkagulitsidwa m'misewu ya m'tauni. Alendo ochokera m'maiko akutali anadzaza Lusaka, ena n'kukamanga misasa m'mafamu a ku Chisamba. Kuno kukomboni kagalasi kamodzi kankazungulira nyumba zingapo. Ena anatsekera ana m'nyumba, ena anathamangira kutchalitchi, ife ena tinatulutsa mipando panja.

Titatha kudya nsima ya masana, dzuwa linayamba kudyeka mbali imodzi. Pansi pa mtengo wa mango, timadontho ta kuwala todutsa m'masamba tinasanduka timiyezi tosongoka tambirimbiri, mbwee padothi. Kunazizira mwadzidzidzi, amayi anafunda zitenje, nkhuku zinayamba kulowera kukhola. Itangopitirira 3 koloko, mdima unagwa kamodzin'kamodzi. Komboni yonse inaphulika ndi mfuwu, nthungululu ndi kuuwa kwa agalu. Jupiter inaoneka masanasana pafupi ndi dzuwa. Pamene panali dzuwa panatsala chinthu chozungulira chakuda bii, m'mphepete mwake muli timalawi tofiira, ndipo mozungulira monse munatambasuka kuwala koyera kotuwa kumene palibe mmodzi wa ife anali atakuonapo. Panapita mphindi zitatu ndi kanthu, dzuwa linasuzumiranso, atambala n'kulira.

Poti ndinaphunzitsa sayansi kusekondale mpaka kupuma ntchito, kuwala kotuwako ndinkakudziwa dzina: korona. Ndi mpweya wa dzuwa lomwelo, wotentha madigiri oposa 1 miliyoni, wotambalala makilomita mamiliyoni angapo. Umakhalapo tsiku lililonse, koma kunyezimira kwa dzuwa kumaubisa. Dzuwa silithera pamene diso likunena kuti lathera.

Tsono sikuti aliyense wofuna kudziwa za mpweya wobisika ayenera kudikira mwezi. Ilipo njira ina, ndipo chiyambi chake chili m'khichini mwa amayi anu. Iwe wamng'onowe, tapa kamchere uwaze pamalawi a malasha m'mbaulamo. Mwaona chikasucho? Chimachokera ku sodiyamu wa mumchere, ndipo n'chomwecho chimene nyali zakale za m'misewu ya m'tauni zinkatulutsa. Chinthu chilichonse chikatenthedwa mpaka kusanduka mpweya chimawala ndi mitundu yakeyake. Sodiyamu ali ndi yake, chitsulo chili ndi yake, mkuwa wa ku Migodi uli ndi yake, ndipo sizibwerekana.

Mu 1814, mmisiri wina wopanga magalasi ku Germany, Joseph von Fraunhofer, analowetsa kuwala kwa dzuwa pakampata kakang'ono, n'kukudutsitsa m'galasi la ngodya zitatu kuti kugawike n'kukhala utawaleza. Atayang'anitsitsa, anaona kuti utawalezawo uli ndi timizere takuda, malo amene mtundu wina ukusowa. Anawerenga timizere toposa 500, koma anamwalira asanadziwe chimene chimatichititsa. Anadzamasula nkhaniyi mu 1859 ndi Gustav Kirchhoff ndi Robert Bunsen ku Heidelberg. Iwo anapeza kuti mpweya umene umatulutsa mtundu wina ukatentha, umameza mtundu womwewo ngati kuwala kwa chinthu chotentha kwambiri kudutsa mwa iwo. Mzere wina wa Fraunhofer unagwera ndendende pa chikasu cha mchere, ndiye kuti padzuwa pali sodiyamu. Mizere iwiri yonenepa ya kumapeto kwa utawaleza inali ya kashiamu, yemweyu wa m'miyala ya laimu imene ku Chilanga amawotcha popanga simenti. Pa kadamsana wa 1868, amene anaonekera ku India, m'timalawi tofiira tija munaoneka mzere wachikasu wosadziwika mwini wake. Unali wa hiliyamu, amene pansi pano anadzapezeka mu 1895.

Kuti mumvetse bwino, ndikuuzeni za chitupa cha atate anga. M'masiku a atsamunda, mwamuna aliyense wamkulu ankayenda ndi chitupa. Akakhoma msonkho kuboma, ankadindamo. Akalembedwa ntchito pafamu kapena pamgodi, bwana ankalembamo, akachotsedwa ankalembamonso. Anthu anazida zitupazo mpaka kuziwotcha m'masiku a Cha Cha Cha mu 1961, koma atate anasunga chawo m'kachitini. Munthu wodziwa kuwerenga akachitenga, ngakhale sanawaonepo atate, akanatha kunena kumene anachokera, kumene anadutsa, chaka chimene anadutsako ndi ndalama imene analipira. Kuwala nakonso kumayenda ndi chitupa. Mtambo uliwonse wa mpweya umene kwadutsamo umatengako msonkho wa mitundu yake, n'kusiya chidindo chakuda. Ntchito ya katswiri ndi kuwerenga zidindozo.

Magetsi akathima kuno m'miyezi yozizira, mumaona mkwasa wotuwa wodutsa thambo lonse. Makolo anautcha Mlalang'amba. Ndi khamu la nyenyezi zoposa 100 biliyoni, dzuwa lathu lili imodzi mwa izo, ndipo ife tikuliona tili m'kati. Kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, kuchoka padzuwa kufika pano kumatenga mphindi 8, koma kuti kudutse Mlalang'amba wathu kumafuna zaka pafupifupi 100,000. Milalang'amba ina ilipo mabiliyoni. Mu 1956, Lyman Spitzer wa ku Princeton ananena kuti Mlalang'amba nawonso uyenera kukhala ndi korona wake, mpweya wotentha wouzungulira kunja kwa nyenyezi. Vuto linali kuuona. Mpweyawo ndi wopyapyala kwambiri: mutatunga wodzaza botolo la lita imodzi, mungapezemo timaatomu towerengeka pazala, mwinanso osapezamo kalikonse. Suwala mokwanira kuti ujambulidwe mosavuta. Pankafunika nyali yamphamvu yoyaka kuseri kwake, kutali zedi, kuti kuwala kwa nyaliyo kudutse mumpweyamo n'kufika kuno ndi zidindo.

Nyaliyo inapezeka, ndipo amene anathandiza ndi mwezi womwewu. Panali malo ena kuthambo amene ankatulutsa mafunde a wailesi amphamvu, olembedwa m'kaundula ngati 3C 273, koma makina a nthawi imeneyo sankatha kuloza penipeni pamene mafundewo akuchokera. Mu Ogasiti 1962 mwezi unadutsa patsogolo pake. Cyril Hazard ndi anzake, pogwiritsa ntchito chimbale cha wailesi cha ku Parkes ku Australia, analemba nthawi imene mafundewo anazima ndi imene anabwereranso. Popeza malo a mwezi amadziwika bwino pa sekondi iliyonse, anapeza malo enieni a chinthucho. Pamalopo panali kanyenyezi kosaoneka ndi maso. Maarten Schmidt anagawa kuwala kwake ndi telesikopu yaikulu ya pa phiri la Palomar ku California, ndipo mu Febuluwale 1963 anazindikira kuti mizere yachilendo imene ankaona inali ya haidrojeni wamba, kungoti yonse inasunthira chakofiira ndi magawo 16 pa 100 alionse.

Kusuntha kumeneku n'kofunika kukumvetsa. Chilengedwe chonse chikufutukuka, ndipo kuwala kukamayenda m'menemo mafunde ake amatamuka, mitundu yake n'kumasendera chakofiira. Kukayenda nthawi yaitali, kusendera kumakulanso. Choncho Schmidt anadziwa kuti kanthuko si nyenyezi ya kwathu kuno, koma chinthu chimene kuwala kwake kwayenda zaka pafupifupi 2 biliyoni, ndipo kuti chionekere patali chotero chiyenera kuwala kuposa milalang'amba yathunthu yambirimbiri. Zinthu zotere anazitcha ma quasar. Lero tikudziwa kuti quasar ndi pakatikati pa mlalang'amba wakutali, pamene pali black hole, dzenje lokoka chilichonse ngakhale kuwala, lolemera kuposa dzuwa kuwirikiza mamiliyoni mazanamazana. Mpweya umene ukugweramo umazungulira mwaliwiro n'kutentha koopsa, ndipo ndiwo umawala chotero.

Pasanapite zaka zambiri, akatswiri anayamba kuona timizere takuda m'kuwala kwa ma quasar ena, ndipo panabuka mkangano. Ena ankati ndi mpweya umene quasar yomweyo ikulavula. Koma mu 1969 John Bahcall ndi Spitzer uja anati ayi, yambiri mwa mizereyo ikuchokera m'njira: milalang'amba imene kuwalako kwailambalala ili ndi mpweya wofika kutali kuposa nyenyezi zake. Mu 1971 Roger Lynds anapeza timizere ta haidrojeni tothithikana m'kuwala kwa quasar imodzi, moti mpaka lero amatitcha nkhalango. Komabe mlandu sugamulidwa popanda mboni. Mboniyo anabwera nayo ndi mayi wa ku France, Jacqueline Bergeron, mu 1986. Iye anatenga quasar imene kuwala kwake kunali ndi chidindo cha magineziyamu, nafufuza pambali pake, n'kupeza mlalang'amba umene mitundu yake inasendera chakofiira mofanana ndendende ndi chidindocho. Kuwala kwa quasar sikunadutse pakati pa nyenyezi za mlalang'ambawo. Kunadutsa panja, pamalo ooneka opanda kanthu, koma kunalipira msonkho. Kuona maso a nkhono n'kudekha: kuchokera pa mawu a Bahcall ndi Spitzer kufika pa umboniwu panapita zaka 17.

Nanga zidindozo amaziwerenga bwanji? Choyamba amaona pamene mzere wagwera. Magineziyamu savuta kumuzindikira chifukwa mizere yake imayenda iwiriiwiri moyandikana. Akaipeza iwiriyo pamalo atatu osiyana mu utawaleza umodzi, amadziwa kuti kuwalako kwadutsa mitambo itatu, ndipo imene yasendera kwambiri chakofiira ndi ya mtambo wakutali ndiponso wakale kwambiri. Kenako amaona kuda kwa mzerewo. Mpweya ukachuluka umameza kuwala kochuluka, mzere n'kuda kwambiri. Kuwala kukadutsa pafupi ndi mlalang'amba, mzere umanenepa; kukadutsa patali, umaonda mpaka kuzimirira. Poyerekeza milalang'amba yambiri, iliyonse ndi quasar yake kuseri, amadziwa pamene mpweya umathera.

Mzere umanenanso za mayendedwe. Mtambo umene ukubwera chakuno umasunthira mzere wake pang'ono chakobiriwira, umene ukupita uko umausunthira chakofiira. N'chifukwa chake mzere umodzi ukaunikidwa ndi makina akuthwa umapezeka kuti ndi timizere tingapo togundana, kalikonse ka mtambo wake ndi liwiro lake. Mwa njira imeneyi zapezeka kuti m'mbali mwa mlalang'amba, motsatira kuphwatalala kwake, mpweya nthawi zambiri umazungulira kumene nyenyezi zikuzungulira, zimene zikusonyeza kuti ukulowa pang'onopang'ono. Pamwamba ndi pansi pake umatuluka ndi liwiro la makilomita mazana pa sekondi, utakankhidwa ndi nyenyezi zophulika. Kutentha nako kumadziwika. Atomu ikatenthedwa kwambiri kapena ikawombedwa ndi kuwala kwamphamvu imataya maelekitironi ake, ndipo mizere yake imasintha. Magineziyamu wotaya elekitironi imodzi amakhala mumpweya wa madigiri pafupifupi 10,000. Okosijeni wotaya zisanu amachuluka mumpweya wa madigiri pafupifupi 300,000. Kawirikawiri onse awiri amapezeka pa mlalang'amba umodzi, kusonyeza kuti timitambo tozizirirako timayandama m'kati mwa mpweya wotentha.

Mizere yambiri yofunika ili m'kuwala kwa ultraviolet, kumene mpweya wa dziko lathu umakutsekereza kusanafike pansi. Mpake ntchitoyi inakula pamene telesikopu ya Hubble, imene inaponyedwa m'mlengalenga mu 1990, inaikidwa chida chatsopano chogawira kuwala kotere mu 2009. Gulu lotsogozedwa ndi Jason Tumlinson linaunika milalang'amba yoposa 40, ndipo mu 2011 linalengeza kuti imene ikubala nyenyezi zatsopano ndi yozunguliridwa ndi okosijeni wotentha mpaka mtunda umene kuwala kungayende zaka 500,000, pamene imene inaleka kubala ili naye wochepa kapena ilibiretu. Anzawo ena atawerengetsa anapeza kuti mpweya wakunjawu ukhoza kulemera mofanana ndi nyenyezi zonse za mlalang'ambawo, mwinanso kuposa. Ndiye kuti chimene timajambula n'kumati mlalang'amba ndi gawo chabe la chinthucho.

Anansi athu nawonso aunikidwa. Mu Okutobala ndi Novembala, mukapita kumene kulibe nyali n'kuyang'ana chakumpoto madzulo, mudzaona kachizimezime kotuwa ka Andromeda, kamene kuwala kwake kwayenda zaka 2.5 miliyoni. Mu 2020 Nicolas Lehner ndi anzake anagwiritsa ntchito ma quasar 43 a kuseri kwake, napeza kuti mpweya wake ukufika mtunda wa zaka 1.3 miliyoni za ulendo wa kuwala, pafupifupi theka la njira yofika kwa ife. Ngati wathu ndi wotambalala chimodzimodzi, ndiye kuti iwiriyi yayamba kale kukhudzana. Chakum'mwera, cha ku Kafue uku, kuli timitambo tiwiri totuwa timene mphepo siitisuntha, timilalang'amba ta Magellan. Mu 2022, kudzera m'ma quasar 28, zinapezeka kuti natonso tili ndi korona wake.

Mwina mukuti zonsezi n'zakutali. Tayang'anani miyala yoyera imene amayi amaphwanya ndi hamala m'mphepete mwa misewu ya Lusaka n'kumagulitsa pa wilibala. Mzinda uno unamangidwa pamwala wa laimu ndi dolomite, ndipo mu dolomite muli kashiamu ndi magineziyamu, yemwe uja Bergeron ankamusaka kuthambo. Chilengedwe chitangoyamba kunali haidrojeni ndi hiliyamu, zina zonse pafupifupi kunalibe. Magineziyamu, kashiamu ndi okosijeni zinapangidwa m'kati mwa nyenyezi zikuluzikulu. Nyenyezizo zitaphulika, zinamwaza zinthuzo, zina mpaka kunja kwa mlalang'amba. Kumeneko mpweya umazizira pakapita zaka mamiliyoni ambiri, n'kugwanso m'kati, n'kusakanikirana ndi wina, n'kubala nyenyezi zatsopano. Dzuwa ndi dziko lathu zinaumbika zaka 4.6 biliyoni zapitazo kuchokera mumpweya umene unali utalemeretsedwa kale motero. Mlalang'amba umene mpweya wakunja waleka kuugwera umaleka kubala, nyenyezi zake n'kumangokalamba. Fumbi limene limakuyeretsani mapazi mukamachokera kusukulu linadutsapo m'nyenyezi.

Mu 1964, chaka cha ufulu wathu, Edward Mukuka Nkoloso ankagubuduza achinyamata m'migolo kunja kwa Lusaka, akuti akuwakonzekeretsa ulendo wa kumwezi ndi ku Mars. Anthu anamuseka kuno ndi kunja komwe. Ine sindimuseka, chifukwa ananena poyera kuti thambo si la azungu okha, pa nthawi imene ambiri ankaopa kuganiza chomwecho. Koma ntchito imene ndakufotokozeraniyi sifuna roketi yathuyathu. Palibe munthu adzapite kumene kuli quasar. Kuwala kumabwera kokha, ndipo zambiri zimene Hubble inajambula zinaikidwa pa intaneti kuti aliyense wodziwa azitenge. Ku Karoo, ku South Africa, kuli mbale 64 za MeerKAT zimene zinatsegulidwa mu 2018, ndipo imodzi mwa ntchito zake zikuluzikulu ndi kufufuza mizere ya haidrojeni wozizira m'mafunde a wailesi ochokera ku ma quasar. MeerKAT ndi kalambulabwalo wa telesikopu yaikulu ya SKA, ndipo Zambia ili m'gulu la maiko 8 a mu Africa ogwirizana ndi South Africa pa ntchitoyo, limodzi ndi Mozambique, Botswana, Namibia, Kenya, Ghana, Madagascar ndi Mauritius. Fizikisi amaphunzitsa ku UNZA, pa msewu wa Great East pompa, ndi ku Copperbelt University ku Kitwe.

Chimene chimafunika ndi masamu, ndipo masamu ake amayambira pa zimene mukuphunzira panopa: kugawa, magawo a pa 100, kujambula girafu. Schmidt anazindikira mtunda wa quasar yoyamba poona kuti mizere ingapo yasuntha ndi gawo lofanana, ntchito imene mwana wa Grade 9 angathe kuitsimikiza papepala. Tsono iwe amene aphunzitsi ako anandiuza kuti nthawi ya masamu umapempha kupita panja, mawa ukaweruka ubwere kuno ndi kope lako, tidzayambire pa magawo 16 pa 100 aja.